Kumangira Mame Nyumba

Mlendo ndi mame. Mwambi umenewu sauzidwa mlendo. Akulu amaunena kuseri kwa nkhokwe, motsitsa mawu, pouza mwininyumba amene wayamba kuwerenga mitanda ya nsima ndi kusuzumira m'dengu la ufa ndi diso lodandaula. Amatanthauza kuti pirira, muyalire mphasa yabwino, muphere nkhuku ngakhale ili imodzi yomweyo, chifukwa dzuwa likakwera munthuyu adzakhala atapita, ndipo chotsala chidzakhala mbiri ya mmene udamusungira. Ndi mwambi wa anthu amene ankayenda pansi, odziwa kuti wolandira lero ndiye adzaodire pakhomo pa wina mawa.

M'midzi ya kumapiri a Dedza, monga kwina konse kwa Achewa, wapaulendo sankagona patchire. Dzuwa likamulowera ankafunsa kwa mfumu. Mfumu inkamufunsa kumene wachokera ndi kumene akupita, kenako n'kuona pomugoneka: mwamuna kumphala kwa anyamata, mayi kukuka kwa agogo. Ankalandira madzi osamba, nsima yamadzulo ndi mkute wa m'mawa. Ndalama sizinkatchulidwa, ndipo kuzitchula kukadakhala kutukwana.

Tsono taganizani za munthu amene lero wakhala pansi, pensulo kukhutu, n'kunena kuti ine ndiwamangira nyumba mamewo. Zipinda zitatu, khonde, bafa ndi chimbudzi kuseri, chikwangwani kumsewu, ndipo aliyense wogonamo alipire. Anthu otere alipo: mphunzitsi wopuma ntchito amene walandira za penshoni, mayi amene geni ya mbatatesi yamuyanja zaka zingapo, mnyamata wobwerera kuchokera ku Joni ndi kangachepe m'thumba. Sindikuwanena, ndimawagomera. Koma ndimaona kuti ambiri amayamba ndi kuwerengera njerwa, pamene funso loyamba lili m'mwambi muja: mame akewo ndi ati, nanga amagwa liti?

Dedza amanyengerera. Tauni yake ili pamsewu waukulu wa M1, makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo m'Malawi muno mulibe tauni ina yokwera kuposa pamenepo. Kumbuyo kwake kuli phiri la Dedza, lofika mamita 2,198, lovala mitengo ya paini. Chakumpoto cha kumadzulo kuli Chongoni, kumene kuli mapanga ndi matanthwe 127 okhala ndi zojambula zamakedzana, malo amene bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006. Zofiira adasiya Akafula. Zoyera ndi za makolo a Achewa, zokhudza chinamwali ndi Nyau. Mayina ake ndi okoma kutchula: Chentcherere, Namzeze, Mphunzi. Pafupi ndi tauni pali Dedza Pottery, imene yakhala ikuumba mbale ndi makapu kuyambira 1987. Ukatsika chitunda cha Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, sutalikira ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher adayambitsa malo a chikhalidwe a Kungoni mu 1976. Munthu akandandalika zonsezi papepala, m'maso mwake mumabwera azungu a zikwama zakumsana atafola pakhomo pake.

Azunguwo amabwera, inde. Koma takhalani tsiku limodzi m'mbali mwa msewu pa Linthipe kapena pa Chimbiya muone mmene amadutsira. Ali m'galimoto, anyamuka ku Lilongwe m'mawa, aima ku Pottery kumwa khofi, ena akhotera kuphanga limodzi, ajambula, ndipo dzuwa lisanapendeke ali kale panjira ya kunyanja. Amene agona ku Dedza amagona kumene foni yawo yawauza, kumene madzi otentha amatuluka pampope. Wofika m'mudzi wakutali ndi tala ndi wa apo ndi apo.

Alendo enieni a kumudzi ndi ena. Ndi wogula mbatatesi amene wabwera ndi lole kuchokera ku Blantyre, matumba sanakwane, ndiye ayenera kudikira kuti alimi akumbe mawa. Ndi mlangizi wa zaulimi amene njinga yamoto yamufera madzulo. Ndi oyang'anira mayeso a Sitandade 8 amene atumizidwa kusukulu yakutali masiku angapo, a katemera, a kalembera, achinyamata a mabungwe oyenda ndi mafunso khomo ndi khomo, mlaliki wa chitsitsimutso. Ndi wamalonda wa ku Ulongwe, tsidya la Mozambique, amene tsiku la msika lamuthera katundu asanathe. Ndi apongozi a m'tauni obwera ku chinkhoswe, amene msana wawo udaiwala mphasa. Anthu awa safuna chithunzi cha njovu pakhoma. Amafunsa ngati chitseko chimakhomeka, ngati pali potchajira foni, ngati njinga ingalowe m'nyumba usiku, ndipo koposa zonse amafunsa mtengo. Womanga amene wawadziwa anthu amenewa amamanga nyumba ina, yosiyana kwambiri ndi ya m'maloto ija, ndipo kawirikawiri ndi imeneyi imene imakhalitsa.

Njerwa isanaumbidwe pali nkhani ya dothi limene idzakhalepo. Kuno malo ambiri ndi a mbumba. Amayenda kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndipo woyang'anira ndi mwinimbumba, atsibweni. Mwamuna wa chikamwini amalima, amamanga nyumba yogona, koma aliyense akudziwa kuti banja likatha adzanyamula bulangete lake n'kubwerera kwawo. Nyumba yogona siyambitsa mlandu. Nyumba yobala ndalama ndi nkhani ina. Ndidamvapo kukambirana kotere pakhomo pena, mphasa itayalidwa pansi pa mtengo wa mapichesi.

"Atsibweni, malo aja a kumsewu ndimati ndiikepo tizipinda ta alendo."

"Tizipinda ta alendo. Alendo a yani?"

"Olipira, atsibweni."

"Oho! Ndiye kuti ndi sitolo." Mkuluyo adayamba wanunkhiza fodya wake, osafulumira. "Ndalama za malata zachokera kwa akamwiniwa, si choncho, mayi? Nanga mawa mukadzayambana, adzazula malata kapena adzati malo ndi awo? Nanga achemwali anu ali ku Kasungu aja, akadzabwera ndi ana, mudzawaloza pati?"

Mafunso otere amamveka ngati nsanje, ndipo nthawi zina ndi nsanjedi, koma ndi mafunso omwewo amene bwalo la milandu lidzafunse pakapita zaka khumi. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidatsegula njira yoti munthu kapena banja alembetse malo awo n'kukhala ndi chikalata. Kwa womanga ndi chinthu chabwino, pakuti palibe wofuna kuthira simenti pamalo amene angalandidwe. Koma chikalata chopezedwa mwamseri, abale osadziwa, sichitseka pakamwa pa mudzi. Ndi bwino kutaya miyezi mukukambirana, mfumu ilipo, mboni zilipo, malire apondedwa ndi mapazi n'kubzalidwa khonje, kusiyana ndi kudzaitanidwa kubwalo nyumba ili pa lintala.

Kumanga kwenikweni ndi nkhani ya kupirira. Njerwa zimaumbidwa mvula ikasiya, pachulu kapena kudambo, anyamata awiri ndi chikombole, amayi akutunga madzi. Kenako uvuni, ndipo apa pali mfundo yolimba, chifukwa uvuni umadya mitengo, ndipo wokhala m'mphepete mwa nkhalango amadziwa kumene zipika zambiri zowotchera njerwa zimachokera, ngakhale sanena. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga amaletsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa nyumba za boma, za mabungwe ndi za malonda, ndipo nyumba ya alendo olipira ndi ya malonda. Kaya lamulolo lafika m'mudzi kaya silinafike, chimene likunena n'chomveka: sungamete phiri lomwe ukuyembekeza kuti alendo adzabwere kudzaliona. Njira zina zilipo. Mabuloko a simenti ndi odula. Njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zopanikiza pamakina a manja, sizifuna moto. Ngakhale zidina, zimene anthu amazinyoza kuti n'zaumphawi, zimakhala zaka zambirimbiri ngati maziko ali a miyala, khonde lili lotambalala, denga silidontha. Ndipo miyala ku Dedza sasaka, imachita kukupunthwitsa yokha.

Simenti ndi malata ndi zimene zimamaliza anthu. Mu Meyi 2022 ndalama ya kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti, ndipo amene adasunga ndalama pansi pa matiresi kuti adzagule matumba 20 adapeza kuti kusitolo sizikufikanso. N'chifukwa chake womanga wa kumudzi sasunga ndalama, amasunga katundu. Akagulitsa mbatatesi agula malata angapo n'kuwatsamiritsa kuchipinda. Akagawana za banki mkhonde mu Disembala agula mafelemu a zitseko. Mmisiri samupatsa ndalama zonse poyamba. Amagwirizana naye kuti mpaka pawindo ndi zakuti, mpaka lintala ndi zakuti, pakuti mmisiri wolandiriratu amadwala Lolemba lililonse. Chaka chino khoma lifika m'chiuno, chaka chamawa lipitirira mutu. Odutsa amaseka kuti yamukanika. Asiyeni aseke. Amene amandidetsa nkhawa ine ndi wothamangira kwa akatapila kuti amalize zipinda zisanu ndi chimodzi nthawi imodzi, chifukwa chiwongoladzanja sichimva zoti mwezi uno kunalibe mlendo.

Za denga anthu amatsutsana. Mzungu amakonda udzu. Wogula mbatatesi uja akaona udzu amati mtengo utsike, poti kwa iye udzu ndi umene adauthawa kwawo. Udzu wofolera bwino umafunda nthawi yozizira, koma umafuna mmisiri wodziwa, umaitana makoswe, ndipo moto wa osaka mbewa ukalusa suusiya. Malata opanda siling'i nawo m'bandakucha wa Juni amadontha thukuta lozizira pankhope pa wogona. Ndidaona wina atakhoma mphasa za bango kunsi kwa malata m'malo mwa siling'i. Sizidamudyere ndalama zambiri, zidaoneka bwino, ndipo chipinda chidafunda.

Pakuti mdani wamkulu wa mlendo ku Dedza ndi chisanu. Wochokera ku Salima kapena ku Nsanje sakhulupirira mpaka chimulowe m'mafupa. Mu Juni ndi Julayi nkhungu imatsika m'phiri madzulo, mphepo imakwawa pansi pa chitseko, ndipo kupatsa munthu bulangete limodzi ndi chipongwe. Ndikadakhala ine, ndalama zili zochepa, n'kundiuza kuti ndisankhe pakati pa matailosi ndi zofunda, ndikadapita pa kaunjika tsiku la msika n'kusankha mabulangete olemera, awiri pa bedi lililonse, n'kuwachapa, n'kuwayanika padzuwa mpaka fungo la belo lithe. Matailosi amasangalatsa maso masana, usiku amaluma mapazi. Pansi pa simenti posalala ndi kamkeka pambali pa bedi n'zokwanira.

Ndiye pali madzi osamba. Nthawi ili cha m'ma 5 koloko, kunja kudakali mdima, mwininyumba wadzuka kale, chitenje china m'chiuno china m'mapewa. Wasonkha moto pa chitetezo mbaula, wateleka m'phika waukulu wakuda uja. Madzi adatunga dzulo kumjigo. Akawira awathira m'ndowa, asakaniza ndi ozizira, ayesa ndi kuseri kwa dzanja, awonjezera otentha pang'ono podziwa kuti pofika kubafa mphepo idzakhala italawako. Anyamula ndowa nthunzi ikufuka, aika sopo pamwala, kenako agogoda pang'onopang'ono pachitseko: "Bambo, madzi ali kubafa." Mlendo amene wamva mawu amenewa m'mawa wa Julayi adzabweranso, ndipo adzauza anzake a pa lole. Bafa likhale lofolera, lotchinga mphepo, pansi posaterera. Chimbudzi chikhale chakuya, cha silabu, chokhala ndi chivundikiro, chitseko chotsekeka ndi mpondagiya pakhomo. Ndaonapo nyumba zopentedwa bwino kumaso, dzina lolembedwa ndi utoto wonyezimira, koma ukazungulira kuseri upeza chimbudzi chotchinga ndi chiguduli. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Za magetsi sizichedwetsa. Kalembera wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri mwa izo zidali m'tauni. Sola yaing'ono, batire, mababu angapo ndi potchajira mafoni, basi. Chakudyanso chisavute: tiyi wa m'mawa ndi mbatatesi yophika, madzulo nsima ya nyemba kapena nkhuku ya chikuda kwa woitanitsa msanga. Mazira agulidwe kwa anansi, ndiwo zamasamba kudimba kwa azakhali, ndipo mlendo wofuna kupita kutala aitanitsidwe kabaza wa m'mudzi momwemo. Sikukoma mtima chabe kumeneku. Kumudzi munthu akayamba kutukuka yekha, mawu akuti wakhwima sachedwa kumveka. Koma mayi amene wagulitsa mazira ake pakhomo pako dzulo sangayambitse nkhani yoti ndalama zako n'zamankhwala, poti adaziona ndi maso mmene zimabwerera.

Zonsezi n'zopepuka poyerekeza ndi tsiku limene nyumba yatha, pakhomo pafika munthu, ndipo mwininyumba ayenera kutsegula pakamwa n'kutchula mtengo. Kwa wosamudziwa sizivuta kwenikweni. Zimavuta akafika msuweni. Wabwera ku maliro a azakhali, kusiwa kwadzaza, panja pali chisanu, ndipo zipinda zitatu zili apo, mabedi oyalayala. "Asuweni, kiyi wa chipinda chija ali kuti?" Safunsa mtengo, poti kufunsa mtengo kukhala kukunyozani. Inunso mukautchula, mawa kumjigo nkhani idzakhala yakuti ndalama zamulowa m'mutu, wayamba kugulitsa tulo pamaliro.

Apa mwambi uja umatembenuka. Udabadwa kuti uteteze mlendo kwa mwininyumba woumira. Tsopano wofunika kutetezedwa ndi mwininyumba, chifukwa mame a pachibale sakamuka. Maliro atha, pabwera chinkhoswe; chatha chinkhoswe, pabwera chiliza; mwana wa achimwene wolemba mayeso akufuna malo a phee owerengera, ndipo sabata yake imasanduka teremu. Sopo akutha, mabulangete akuda, nkhuni zikupsa, m'kaundula mulibe cholembedwa. Magolosale ambiri a kumudzi adafa imfa yomweyi, ya kabuku ka ngongole za abale.

Ena amati yankho ndi kuuma mtima: bizinesi ndi bizinesi, m'bale alipire ngati wina aliyense. Onena zimenezi kawirikawiri amakhala m'tauni, m'kati mwa mpanda wa njerwa, pageti pali mlonda. Kumudzi sungathe. Anthu amene ukufuna kuwalipiritsawo ndi omwewo adasenza miyala ya maziko, ndi omwewo adzathamange ndi ndowa denga likadzagwira moto, ndi omwewo adzakukumbire manda. Mutu umodzi susenza denga, ndipo kuno mwambi umenewu sudali fanizo chabe: denga la nyumba yozungulira linkamangidwa pansi, amuna n'kulizungulira, kulinyamula pamodzi ndi kulikhazika pakhoma. Amene adakusenzera denga sungamulembere lisiti pa tsiku la maliro.

Njira imene ndaona ikugwira ndi yonena zinthu poyera zisanachitike. Mwininyumba wanzeru amapita kwa mfumu ndi kwa atsibweni nyumba isanatsegulidwe, n'kunena kuti: pa maliro a m'mudzi muno zipindazi ndi za mudzi, usiku wa kusiwa palibe wolipira, masiku ena onse ndi za malonda, ndipo m'bale wobwera kudzacheza adzagona kunyumba kwanga kwenikweni, pamphasa yanga, adzadya nsima yanga monga kale. Malire akaikidwa ndi akulu, pamaso pa anthu, wokana sakhalanso mwininyumba, limakana ndi pangano. Chimene ndimaopa ine n'chakuti nyumba ya malonda ingameze nyumba ya ulere. Ngati wosochera usiku, wopanda ndi khobidi lomwe, afika pakhomo n'kulozeredwa chikwangwani cha mitengo, pakhomo pamenepo pafa chinthu, ngakhale zipinda zikhale zodzaza chaka chonse.

Pali chinanso chimene anthu sachinena pamaso pa womanga koma amachinena akangotembenuka. Dzina lakuti resitihausi lili ndi fungo. M'misika ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu aliyense akudziwa kuti zipinda zina sizigulitsidwa usiku wathunthu, zimagulitsidwa pa ola. Amayi a m'mudzi akamva kuti pakumangidwa malo ogona alendo, amene amawabwerera m'maganizo si mzungu wa chikwama. Ndi amuna awo tsiku logulitsa mbatatesi, ndi ana awo aakazi a Fomu 2. Mantha awo ndi oona. Yesero lake n'lalikulunso, chifukwa ndalama ya pa ola imabwera mvula ndi dzuwa, pamene wogula mbatatesi amabwera pa nyengo yake yokha. Lino ndi boma la malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, amene adamveka dziko lonse lapansi pothetsa maukwati a ana ndi kubwezera atsikana kusukulu, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati wosafika zaka 18 ndi mwana. Mwini malo amene amayang'ana kumbali mtsikana wa sukulu akulowa ndi bambo wa msinkhu wa atate ake sakuchita geni, akupalamula nawo mlandu. Kaundula wa pakhomo, buku la chikuto cholimba lolembamo dzina, kochokera ndi nambala ya chitupa, amaoneka ngati mwambo wa maofesi chabe, pamodzi ndi chiphaso cha ku khonsolo ndi cha a zokopa alendo. Koma ndi mafunso omwe aja mfumu inkafunsa kale: mwachokera kuti, mukupita kuti. Wobwera ndi zabwino sadandaula kulemba. Wodandaula kulembayo ndiye woyenera kumuuza kuti zipinda zadzaza.

Dedza akudziwanso kuti si mlendo aliyense amene amakamuka. Ansembe amene adafika ku Mua mu 1902 adali alendo opempha pomanga, ndipo mishoni yawo ilipo mpaka lero. Kuyambira cha m'ma 1986, nkhondo ya ku Mozambique itafika pa mponda chimera, anthu adawoloka malire mitolo ili pamutu, ana ali kumbuyo. M'madera a Dedza ndi Ntcheu, kumene malo ena malire ake ndi msewu chabe, ambiri sadapite kumisasa. Adalowa m'midzi, kwa abale ndi kwa osawadziwa omwe, n'kupatsidwa pomanga. Pofika 1992, chaka chimene mgwirizano wa mtendere udasainidwa ku Rome, dziko la Malawi linkasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Adakhala zaka, osati usiku umodzi. Nkhuni zidachepa m'mapiri, pamjigo mzere udatalika, ndipo palibe adalemba lisiti. Abambo ndi amayi ambiri a m'midzi imeneyi lero adakulira limodzi ndi ana a alendo amenewo. Choncho womanga nyumba ya alendo kuno asadzione ngati akuphunzitsa mudzi kulandira anthu. Mudzi udachita kale zazikulu kuposa zimene iye adzachite. Chachilendo chimene wabweretsa ndi mtengo basi, ndipo chimenecho achinyamule modzichepetsa.

Akulu amatinso mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wobwera angamasule chimene chakanika eni mudzi. Ndi zoona. Wogona usiku umodzi angakuuzeni mtengo weniweni wa mbatatesi ku Limbe, angakusonyezeni kasamalidwe ka batire kuti lisafe msanga, angatenge nambala ya mwana wanu amene wamaliza Fomu 4 n'kudzamuimbira ntchito ikapezeka. Koma lumo ndi lumo. Mzungu wa apo ndi apo uja akafika adzafuna kuona Gule Wamkulu, poti adawerenga kuti UNESCO idamuika pa mndandanda wake mu 2005, ndipo adzafunsa kuti ndi zingati kuti zilombo zituluke mawa 10 koloko. Mwini malo wofuna kusangalatsa kasitomala angapezeke akulonjeza zimene si zake. Gule ali ndi eni ake, ali ndi nthawi yake, ndipo za kudambwe sizilembedwa pachikwangwani. Choyenera ndi kumutengera mlendoyo kwa mfumu kuti akamve yankho kwa eni, kapena kumulozera ku Chamare, nyumba yosungiramo za chikhalidwe ya ku Mua, kumene zoonetsa zidakonzedwa kuti zionedwe. Chimodzimodzi ndi mapanga. Mnyamata woperekeza alendo adziwe kuti zojambulazo sazigwira, sazithira madzi kuti ziwale pachithunzi, ndipo salembapo dzina lake ndi khala monga adachitira ena. Chimene chakhala pathanthwe mibadwomibadwo chikhoza kufufutika ndi alendo a nyengo imodzi.

Kenako imabwera mvula. Kuyambira Disembala mpaka Malichi msewu wafumbi ndi matope okhaokha, malole salowa, a kabaza akweza mtengo, ndipo zipinda zimatha masabata zili zotseka, chuku chikuyamba m'makona. Ino ndiyo nyengo imene imaonetsa ngati nyumba idamangidwa pa msinkhu wa mwini wake. Wa zipinda zitatu wopanda ngongole amatsegula mawindo kuti mphepo ipite, atenga khasu n'kupita kukabandira chimanga ngati wina aliyense, pakuti kumudzi nyumba ya alendo ndi ndiwo chabe, nsima ndi munda. Wina amapereka chipinda chimodzi kwa mphunzitsi watsopano amene sukulu ilibe nyumba yomupatsa, kuti azilipira pamwezi. Ndalama yake ndi yochepa koma imagula sopo ndi mchere mpaka Epulo. Wina amasungiramo mbewu ya mbatatesi, ngakhale fungo lake limavuta kuchotsa. Wa zipinda zisanu ndi chimodzi za katapila uja ndiye amayamba kumvetsera anthu a pa ola. Kaundula amamuika m'dilowa. Pofika Malichi chikwangwani chidakali chomwecho, utoto wake sunasuluke, koma amayi opita kumjigo ayamba kulambalala njira ya pakhomo pake, ndipo ana awo awaletsa kukagulitsako mazira.